Mwala wa Chipembere

Chimene chinatulutsa anthu atatu m'nyumba zofunda za ku Leicester n'kukawaponya m'mapiri a ku Derbyshire mwezi wa Novembala chinali kiyi. Kiyi wamba, wa chitseko cha nyumba ya lendi ku Highfields, dera lina la mu Leicester momwemo.

A Yakobo Nkhoma anakalambira pantchito ya ugemu ku Liwonde, kulondola zipembere m'thengo loti mlendo sangatulukemo yekha. Mkazi wawo Fyness atamwalira, mwana wawo Bernadette, amene ndi nesi, anawaitanitsa ku Mangalande kuti asamakhale okha. Ndiye taonani manyazi ake. Munthu amene sanasocherepo m'mitsanya ya ku Liwonde anakasochera m'misewu ya Highfields, kumene nyumba zonse n'zofiira, zogundana, zofanana ngati mazira. Ulendo woyamba anawabweza ndi mayi wina wa kutchalitchi. Wachiwiri anabwera m'galimoto ya apolisi, chipewa chili m'manja, milomo itauma ndi chisanu. Bernadette sanakalipe. Anangopisa m'thumba la jekete lawo n'kuchotsamo kiyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo akamapita ku shifiti ankawatula kushopu ya a Ayoob, n'kudzawatenga poweruka. Zinawawawa a Yakobo kuposa mbama.

A Ayoob anabadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chinali cha pamsika, chothamanga. Shopu yawo inkagulitsa ufa, usipa wouma ndi tsabola, koma matenda awo enieni anali mabuku akale. Tsiku lina anatulutsa pansi pa kauntala chibuku chonunkha chinyontho, cholembedwa ndi mzungu wina amene anayendayenda kalekale akufotokoza za nyama. Munali chithunzi cha chipembere chovala zikopa zonga malata okhomera ndi misomali, kanyanga kena katamera pamsana.

"Ameneyu chipembere anachionera kumaloto," anatero a Yakobo.

"Dikirani, madala," a Ayoob anatembenuza tsamba. "Akuti chikafuna kumenyana ndi njovu chimanola nyanga pamwala. Ndiye akuti m'mapiri a ku Derbyshire konkuno, anthu okumba mtovu anapeza mafupa a chipembere chaubweya m'phanga, ndipo pakhomo pa phangalo pali mwala wosalala umene chinkanolerapo."

"Sichinola. Chimadzikanda. Chikatuluka m'matope chimakhula nthiti pamwala kuchotsa nkhupakupa, mwalawo n'kusalala ngati botolo. Nditaukhudza ndi dzanja langali ndikhoza kukuuzani ngati chinali chipembere."

Bernadette atabwera kudzawatenga anapeza ulendo utapsa kale. A Yakobo anamuyang'ana m'maso. "Kuthengoko nditsogolera ine. Ndikakupititsani n'kukubwezani, undibwezere kiyi wanga."

Bernadette anavomera. Ankadalira foni yake ya mapu, komanso anali atatopa kuona bambo ake atakhala pampando wa m'shopu, manja pamawondo, akuyang'ana chitseko.

Ananyamuka Loweruka m'mawa pagalimoto ya a Ayoob, atatenga fulasiki ya tiyi, mandasi, ndi masamusa amene a Jubeda, akazi a a Ayoob, anakulunga uku akudandaula kuti amuna akuluakulu akukasaka mwala. Galimoto anaisiya m'mbali mwa msewu pafupi ndi mpanda wamiyala. Kumwamba kunali kotuwa, dzuwa osaoneka. A Yakobo anavala nsapato zawo zakale za ugemu. A Ayoob anabwera ndi nsapato za kushopu, zosalala kunsi, ndipo Bernadette atazitchula anangoti, "Buku likuti ndi pafupi."

Dziko lake linali la chipululu chonyowa, lopanda mtengo ngakhale umodzi, tizitsamba tofika m'mawondo ndi miyala yakuda basi. A Yakobo anali patsogolo, msana utawongoka. Bernadette ankaba kuyang'ana foni n'kumanena chapansipansi, "Chakumanzere pang'ono, Ababa." Iwo ankakhala ngati sanamve, koma ankakhota.

Anafika cha m'masana. Phanga lotchukalo linali dzenje chabe, lotchingidwa ndi waya wadzimbiri. Koma mwala unalipo, wofika m'chiuno, mbali imodzi ikunyezimira. A Yakobo anavula gulovu n'kuusisita pang'onopang'ono, maso atatsinzina. M'mng'alu wina anasololamo ubweya wautali, wofiira.

"Ubweya umenewo," a Ayoob anagwira pamtima. "Madala, buku silinaname."

A Yakobo anaununkhiza. "Ng'ombe. Yadzikanda lero lomwe." Anawerama n'kuloza m'matope. Pambali pa ziboda zazikulu panali tina tating'ono. "Ili ndi mwana. Idyani msanga, tizipita."

Sanamalize n'komwe masamusa. Nkhungu inatsika kuchokera pamwamba pa phiri mwakachetechete, n'kumeza dzenje, waya, mpaka mwala umene anatsamirapo unayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Bernadette anatulutsa foni. Inawala kamodzi n'kuzima. Anaikanikiza, anaipumira mpweya, anaiika m'khwapa, koma ayi ndithu, chisanu chinali chitaidyera moto wonse.

"Ankolo, yanu?"

"Ndaisiya ikuchaja m'galimoto."

Bernadette anaika foni m'thumba. "Pomaliza kuyang'ana, galimoto inali kumpoto kwa malo ano. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa."

"Basi zakwana," anatero a Yakobo, ndipo kunena zoona, mumtima anakondwa. Nthawi yawo inali itafika. Anadikira mpaka nkhungu inapyapyala kumwamba, dzuwa n'kuonekera chapansi, loyera, lopanda mphamvu ngati piritsi. Ananyowetsa chala n'kuchikweza. "Nyengo yozizira dzuwa la masana limapendekera kumpoto. Mphepo yozizira ndi mwera, imachokera kummwera. Tiika dzuwa kumaso, mphepo kumsana. Zonse ziwiri zikugwirizana."

Ndani akanatsutsa? Bernadette dzuwa ankalionera pawindo la wodi kuchipatala. A Ayoob sankafika ngakhale ku Loughborough, tauni yapafupi, popanda kamawu ka m'galimoto kowauza pokhota. Ndipo kukanakhala ku Liwonde mwezi wa Juni, mkuluyo akanakhoza.

Anayenda mondondozana, aliyense akuona msana wa mnzake basi. Tizitsamba tija tinatha. Pansi panasanduka dothi lakuda lonjenjemera, long'ambika m'makwawa akuya oti kutsika n'kukweranso. Madzi ake anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Pobwera sitinadutse matope awa," anatero Bernadette.

"Tadzera chidule," anayankha a Yakobo osacheuka. Koma china chake chinali chitayamba kuwaluma. Kwawo, munthu ukayang'anizana ndi dzuwa la masana, limatsetserekera kudzanja lamanzere pokalowa. Ili, nthawi iliyonse likasuzumira m'nkhungu, linkapezeka litasunthira kumanja. Anadziuza kuti mwina ndi iwo amene akukhota.

Kenako kumbuyo kunamveka phwa. A Ayoob anaponda pamalo obiriwira ooneka ngati kapinga, n'kumira mpaka m'ntchafu. Pofuna kudzizula anapotokola thupi, bondo n'kulira. Sanakuwe, anangotsegula pakamwa.

"Musalimbane nawo," anatero a Yakobo. "Gonani chagada, tambasulani manja." Iwo eni anagona chafufumimba m'mphepete, nawagwira kolala, Bernadette n'kugwira lamba wa bambo ake. Anakoka, matope akukaniza, mpaka anawalavula. Nsapato imodzi inatsalira momwemo. A Ayoob anali atanyowa mpaka m'chifuwa, ndipo mwendo wamanja sunkalola kuponda.

Bernadette anamanga bondolo ndi sikafu yake, nawamwetsa tiyi wotsala. A Ayoob ankanjenjemera moti mano ankagunda kapu. Anayang'ana kapiritsi ka dzuwa kaja nthawi yaitali.

"Madala," anatero pang'onopang'ono, "nditangotenga shopu ija tinayeza ndi kampasi, kufuna kudziwa koyang'ana popemphera. Ku Limbe tinkayang'ana chakumpoto, kuno n'kwina. Khomo la shopu yanga layang'ana kummwera." Anapuma. "Ndipo masana dzuwa limalowera pakhomo pomwepo. Chaka chonse."

A Yakobo anakumbukira mpando wawo uja, ndi kadzuwa kamene kankawaotha mawondo tsiku lililonse kudzera pachitsekocho. Analiyang'ana miyezi yonseyi osalifunsa kumene likuchokera. Dziko lino linali lotembenuka, dzuwa kummwera, chisanu kumpoto, ndipo iwo anali atatenga mwana wawo ndi bwenzi lawo n'kuwalowetsa pakati penipeni pa chipululu, galimoto ili kumsana.

A Yakobo anakhala pansi m'matope momwemo. Nkhope yawo inafufuma ngati ya munthu wodzutsidwa kutulo. Anayang'ana Bernadette n'kunena ndi mawu ofatsa, "Fyness, bereka mwanayo tibwerere kukampu. Kukuda."

Bernadette anasendera pafupi. Anagwada patsogolo pawo. "Ababa, ndine Bena."

"Ndikudziwa," anatero, koma maso awo ankafunafuna munthu wina kuseri kwake.

Mtsikanayo anafuna kulira, koma panalibe mpata. Kuwala kunali kutayamba kuchepa, poti dzuwa la Novembala kuno silichedwa. Kubwerera njira yonse ija ndi munthu wa mwendo umodzi kunali kosatheka. Ndipo atacheukira a Ayoob anaona chimene ankachiopa. Kunjenjemera kunali kukuchepa, mawu akutuluka olemera ngati a munthu woledzera. Anali atazionapo kuchipatala. Munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera ndiye kuti thupi layamba kugonja. Anavula jekete lake n'kuwafunditsa, nawagwedeza.

"Ankolo, musagone. Tandiuzani, a Jubeda amaika chiyani m'masamusa?"

"Anyezi," anatero a Ayoob. "Anyezi... ndi..."

Apa m'pamene anamva kupuma. Kunali kwakuya, konyowa, pafupi. M'nkhungu munatuluka chimutu chofiira, ubweya utagwera kumaso mpaka kumphuno, nyanga zitatambalala uku ndi uku, nthunzi ikufuka m'mphuno. Chinaima n'kupalasa pansi ndi chiboda. Kumbuyo kwa anthu atatuwo, kamwana ka ng'ombe kanalira.

Anali pakati pa make ndi mwana.

"Wina asathawe. Wina asakuwe."

Anali mawu a a Yakobo, koma osati a mkulu wa pampando wa m'shopu. Anali ataimirira kale, maso ali gwa. "Bena, gona pa a Ayoob, ubise nkhope. Usadzuke mpaka ndinene."

Anavula jekete pang'onopang'ono n'kuyamba kuyenda chammbali, kutalikira awiriwo, kutalikiranso kamwana kaja, akulikupiza jeketelo chapansi ndi kuliza lilime. Chimutu chija chinawatsatira. Ng'ombe inafwenthera, inatsitsa nyanga, n'kubwera. Pansi ponse panagwedezeka. A Yakobo anaima nji mpaka inafika poti akanaigwira, ndiye anaponya jekete kumaso kwake n'kudziponyera kumbali, monga ankachitira ndi zipembere. Koma miyendo inali ya nkhalamba. Nyanga inawaphonya, phewa la ng'ombe n'kuwapeza m'nthiti, ndipo anagubuduka m'matope.

Ng'ombe inakutumula jekete, inalipondaponda, n'kutembenuka. Bernadette, nkhope ili pachifuwa cha a Ayoob, ankangomva ziboda ndi mtima wake. Kenako kamwana kaja kanathamanga modutsa pafupi ndi mapazi ake kupita kwa make. Make anakanunkhiza, anafwenthanso kamodzi, ndipo ziwirizo zinalowa m'nkhungu.

"Ababa!"

"Ndilipo." Anadzuka movutika, dzanja lili m'nthiti. Anatola jekete lawo long'ambika n'kuyamba kutolapo tinthu, n'kubwera nato kwa Bernadette. Tinali timapesi ta udzu wouma, wachikasu. "Taona. Wachoka muubweya wake. Udzu uwu ndi wodula, wosunga m'nyumba. M'chipululu muno mulibe wotere. Pali munthu amene amaidyetsa ng'ombe imeneyi, ndipo kukamada imapita komweko."

"Mukufuna titsatire chinthu chimene chafuna kukuphani?"

"Nyama yolemera siponda pomira. Pamene yadutsa iyo, ifenso tidutsa. Dzuwa landinamiza, koma ziboda sizinama. Nyamula mbali iyo."

Anawakweza a Ayoob pakati, mkono wina paphewa la nkhalamba, wina pa la mwana wake. Ankayenda pang'ono n'kuima. A Yakobo ankawerama kufufuza ziboda, ndipo kuwala kutachepa kwambiri ankagwada n'kumapapasa ndi zala, kuti amve kumene chiboda chaloza. Pena anapeza ndowe, naikapo chikhatho. "Ikadali yofunda. Tili m'njira." Kupuma kulikonse kunkawabaya m'nthiti, ndipo Bernadette ankawamva akubuula chamumtima. Njira ya ng'ombeyo inkakhotakhota mopusa, kuzungulira malo ooneka abwinobwino, koma pansi pake panali polimba ponse.

Pakhwawa lina ziboda zinasowa. Panali miyala yokhayokha, madzi akuyenderera pamwamba. A Ayoob anali atasiya kuyankha za masamusa, mutu ukulendewera. A Yakobo anawoloka okha, napapasa tsidya linalo kumtunda, osapeza kanthu. Anabwerera, napapasa kumunsi. Bernadette anawataya m'nkhungu ndipo mantha anamugwira, poganiza kuti mwina zawabwereranso zija, kuti mwina akufunafuna kampu ya ku Liwonde.

"Ababa, muli kuti?"

"Khala chete, Bena. Ndikununkhiza."

Anamutchula dzina lake. Mtsikanayo anapumira m'mwamba.

"Kumunsi kuno," anaitana. "Kukumveka fungo la khola."

Pansi panayamba kutsetsereka, tizitsamba tinabwerera, kenako bondo la Bernadette linagunda mpanda wamiyala. Anautsatira ndi manja mpaka pachipata. Kuseri kwake kunali nyali ya njinga yamoto ya mawilo anayi, ndi mayi wina wachizungu wa majombo akumwaza udzu wouma pakati pa ng'ombe zofiira zaubweya. Ija ya mwana inali pomwepo, ikudya ngati sinalakwire munthu.

Mayiyo atawaona anagwetsa foloko yake yomwazira udzu. Sanafunse zambiri. Anawakweza a Ayoob pangolo ya udzu, n'kuwathamangitsira kunyumba kwake kumene kunali moto, akuimbira ambulansi ali panjira. Atamva kumene anasiya galimoto anapukusa mutu, nati ili kuseri kwa phiri lonselo, ndipo akanapitirira kumene ankaloza kuja sakanapeza nyumba ina iliyonse.

A Ayoob anagonekedwa m'chipatala. Thupi linafunda, bondo analimanga, ndipo a Jubeda atafika anawakalipira kaye mpaka kukhuta, kenako n'kuwagwira dzanja osalisiyanso. A Yakobo anawapeza ndi nthiti zosweka, nawauza kuti zipola zokha. Potsanzikana m'mawa mwake a Ayoob anawakodola.

"Ndiye mwala uja, madala?"

"Ng'ombe yausalaza pamwamba. Koma chakumunsi, pamene ng'ombe siifika ndi nthiti, ndi posalalanso. Sindikudziwa chinadzikanda pamenepo."

A Ayoob anamwetulira, maso atatseka. "Basi, ndi chipembere."

Muaaz, mwana wamkulu wa a Ayoob, ndiye anawabweza ku Leicester masana a Lamulungu, nawatsitsa pakona ya msewu wawo ku Highfields. Anthu ankachokera kutchalitchi, ena ankapita kumzikiti. Bernadette anaima, anapisa m'chikwama, n'kuika kiyi m'dzanja la bambo ake.

"Munatipititsa, munatibweza. Pangano ndi pangano. Tsogolani."

A Yakobo anafumbata kiyiyo. Anayamba kuyenda, jekete long'ambika lili paphewa, Bernadette akutsalira dala m'mbuyo. Nyumba zofiira zinandanda mbali zonse, zitseko zofanana, mabini ofanana. Anadutsa zingapo molimba mtima. Kenako anachepetsa liwiro. Anaima pachitseko china, nakweza kiyi, koma m'nyumbamo munkatuluka fungo la lubani, limene kwawo sankafukiza. Anatsitsa dzanja. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, ndipo panalibe chiboda chilichonse choti apapase.

Bernadette anaima m'mbuyo, akudikira.

Mkuluyo anatembenuka. "Bena, dzulo lija si dzuwa lokha limene linandisokoneza. Ndinawaona amayi ako ataima pomwe unaima iwepo."

"Ndinamva, Ababa."

"Ndiye usandinamize ndi pangano." Sanabise nkhope. "Nyumba yathu ndi iti?"

Misozi inamutsika mtsikanayo. "Taidutsa. Ili kumbuyoku."

A Yakobo anagwedeza mutu, natambasula dzanja kumubwezera kiyi. Bernadette sanamulandire. Anapinda zala za bambo ake pakiyipo, nakolowetsa mkono wake m'mkono mwawo mosamala, mbali yopanda nthiti zosweka, n'kubwerera nawo pang'onopang'ono mpaka pachitseko chawo. Pamenepo anaima pambali.

Kiyi anaphonya kabowo kawiri. Kachitatu analowa, ndipo a Yakobo anatsekula okha, napukuta nsapato pakhomo, n'kuika kiyi m'thumba la jekete lawo.